Munda Umene Unasanduka Ziro

Panali munthu wina wosakhazikika, dzina lake Lonjezo Kambalame. Ntchito yake inali yolemba mapulogalamu a pakompyuta, yomweyi imene inu mwabwera kudzaphunzira. Luso anali nalo ndithu, koma mtima wake sunkakhala pamene pali thupi lake. Akamadya, ankaganiza za ulendo. Akakhala pa ulendo, ankaganiza za ntchito imene wasiya. Mwendo wake unkangogwedezeka pansi pa tebulo ngati wa telala wopalasa makina, ndipo ntchito iliyonse ankaiyamba maso ali kale pa ina.

Lonjezo ankakhala m'tauni, koma anali ndi mkulu wake, Sitefano, amene anatsala kwawo, m'chigwa china chotentha. Kumeneko kunali sikimu ya mpunga wothirira, ndipo Sitefano ndiye anali wapampando wa komiti ya madzi. Alimi ankangomuitana kuti a Tcheya.

Madzi pasikimupo anali ochepa. Pampu yoyendera dzuwa inkakoka madzi mumtsinje n'kudzaza damu laling'ono kumtunda. M'mawa uliwonse madziwo ankatsika ndi ngalande imodzi yaitali, n'kumapatukira m'minda. Damu likaphwa, basi, mpaka mawa. Chaka ndi chaka anthu ankakangana. Amphamvu ankatseka ngalande ndi zibuma kuti madzi akhotere kwawo. Ofooka ankangoyang'ana. Chaka china munthu anatemedwa ndi khasu paphewa, ndipo dzanja lakelo silinagwirenso ntchito.

Kenako bungwe lina linabwera ndi thandizo. Linaika timageti tachitsulo pakhomo pa munda uliwonse, totseguka ndi kutsekeka tokha kompyuta ikatilamula, ndi geti lalikulu padamu. Chinatsala ndi pulogalamu yoti izilamula magetiwo. Sitefano anauza komiti kuti, "Ndili ndi mng'ono wanga m'tauni. Ntchito yake ndi imeneyi."

Si onse anagwirizana nazo. Ambiri a minda ing'onoing'ono ankakayikira, poti chilichonse chatsopano chinkayamba kukomera a minda ikuluikulu. Amene anawatembenuza mtima ndi mayi wina, a Nangozo. Munda wawo unali wotsiriza, kumapeto kwenikweni kwa ngalande, ndipo sunkakwana ekala: unali theka ndi kota. Iwo ndiwo ankavutika kuposa onse, chifukwa madzi ankafika kwawo aliyense atamwa kale. Pamsonkhano anaimirira nati, "Ine ndatopa n'kupempha madzi kwa anthu. Makina alibe mlamu, alibe mnzake wa kumowa. Tiyeni tiwayese."

Anthu anawomba m'manja, ndipo anapangana malamulo. Geti lililonse lizitseguka mphindi makumi anayi pa ekala imodzi. Wa munda waukulu nthawi yambiri, wa munda waung'ono nthawi yochepa, aliyense monga mwa munda wake. Madzi aziyambira kumtunda n'kumatsika. Onse akalandira, geti la padamu lizitsekeka. Atawerengera, anapeza kuti madzi a damu akukwanira minda yonse, otsala pang'ono chabe. Lamulo lomaliza linali lolimba kuposa onse: dzanja la munthu lisakhudzenso geti. Panali chitsulo chimodzi chopukusira mageti pamanja, ndipo anachipereka kwa a Tcheya kuti achikhomere.

Lonjezo anabwera ndi laputopu yake, nakhala mu ofesi ya sikimu. Ankalemba m'chilankhulo cha Haskell, chimene inu mwayamba kale kuchidandaula. Mukudziwa khalidwe lake. Zonse m'menemo ndi tizigawo tolandira chinthu n'kubweza chinthu, ndipo chilichonse cholowa ndi chotuluka chili ndi mtundu wake. Nambala nazo zili ndi mitundu. Pali nambala zathunthu, zowerengera zinthu zosaduka pakati, monga anthu kapena mbuzi. Pali nambala za zidutswa, zotha kunena theka, kota, ziwiri ndi theka. Mitundu iwiriyi siisakanikirana yokha. Ukafuna kuti nambala ichoke mu mtundu uwu ilowe mu uwo, uyenera kunena wekha, poyera, njira imene idutse. Ndipo pakhomo pamakhala kompaila, imene imawerenga zonse walemba pulogalamu isanayambe kugwira ntchito. Ikapeza mitundu yosemphana, imakana.

Ntchito inayenda bwino mpaka pa mzere umodzi. Timageti tinkangomva mphindi zathunthu, choncho mphindi makumi anayi zija Lonjezo anazilemba ngati nambala yathunthu. Kukula kwa minda kunali m'nambala za zidutswa, chifukwa minda ya anthu siidulidwa ndi rula. Iye analemba kuti: chulukitsa mphindi ndi maekala.

Kompaila inakana. Inati iyi ndi nambala yathunthu, iyo ndi ya zidutswa, sindingazichulukitse.

Tsiku limenelo kunali kotentha, malata a ofesi akuthetheka. Foni ya Lonjezo inali italira kangapo. Kampani ina m'tauni inkamufuna mawa lake pa ntchito yaikulu. Mnzake wa galimoto, amene analonjeza kumutenga, anali akuliza hutala panja. Sitefano anasuzumira pakhomo.

"Anthu awokera kale mbande, iwe. Akudikira madzi."

"Ndatsala pang'ono, achimwene."

Panali njira ziwiri. Yoyamba inali yokweza mphindi zija kuti zilowe mu mtundu wa zidutswa, kuchulukitsa, kenako kuganiza bwino mmene yankho libwerere ku nambala yathunthu yoti geti limve. Njira imeneyi inkafuna kuti munthu akhale pansi pang'ono. Yachiwiri inali ya liwu limodzi: truncate, lamulo lodula. Lamulo limeneli limatenga nambala ya zidutswa, n'kudula chidutswa chonse, n'kusiya chathunthu chokha. Ziwiri ndi theka zimasanduka ziwiri.

Hutala inaliranso. Lonjezo analemba liwu lija patsogolo pa maekala.

Kompaila inakhala chete. Mitundu inali itagwirizana.

Anayesa pulogalamu ndi munda wa mkulu wake, umene unali maekala awiri ndendende. Yankho linatuluka: mphindi makumi asanu ndi atatu. Anayesa ndi wa mlembi wa komiti, ekala imodzi. Mphindi makumi anayi. "Zatheka," anatero, akutseka laputopu ataimirira kale. Anakwera galimoto asanatsanzike bwinobwino.

M'mawa mwake geti la padamu linatseguka lokha, anthu akuonerera, ena akululutira. Madzi anatsika. Geti loyamba linatseguka, linatsekeka; lachitatu linatseguka, linatsekeka. Lachiwiri, la munthu wa theka la ekala, silinagwedezeke. Madzi anadutsa pakhomo pake n'kupitirira.

Inu mwaona kale chimene chinachitika. Theka ukalidula chidutswa, chotsala ndi ziro. Kota, ziro. Theka ndi kota, ziro. Ndipo ziro ukaichulukitsa ndi makumi anayi, ndi ziro yomweyo. Timageti sitinawonongeke. Tinalandira lamulo loti titseguke kwa mphindi ziro, ndipo tinamvera.

A minda ikuluikulu nawo ankadulidwa, koma sanazindikire. Wa maekala atatu ndi kota ankalandira za maekala atatu, mpunga wake n'kumakula bwinobwino. Ndipo popeza mageti ambiri sankatseguka, zigawo zinkatha msanga, geti la padamu n'kutsekeka damu likadali ndi madzi. Anthu ena ankaima m'mbali mwa damu n'kumayamikira. "Taonani makinawa, akusunga ndi madzi omwe."

A Nangozo anaima pakhomo pa munda wawo ndi khasu, kudikira. Dzuwa linafika pamutu. Ngalande inauma iwo akuona. Anapita kwa Sitefano.

"A Tcheya, kwathu sikunafike."

"Ndi tsiku loyamba, mayi. Makina akuzolowera. Mawa afika."

Mawa sanafike. Sitefano anaimbira mng'ono wake. Lonjezo anayankha ali m'kati mwa msonkhano, akunong'ona. "Mwina ndi netiweki, achimwene. Zimitsani, muyatsenso." Anazimitsa, anayatsanso. Tsiku lina anaimbanso. "Mwina timageti tagwira dzimbiri. Thirani oilo. Ndikuimbirani ndikamasuka." Anathira oilo. Lonjezo sanaimbe.

Mpunga wongowokera supirira ludzu. M'minda ing'onoing'ono matope anauma, nthaka inayamba ming'alu yolowa chala. Masamba anapindika ngati singano, kenako anayamba chikasu kuchokera kunsonga. Amene minda yawo inali pakati ankatunga ndi ndowa madzi akamadutsa, koma mpunga suthiriridwa ndi ndowa. A Nangozo analibe ngakhale pomwe akanatunga.

Anthu anapita kwa Sitefano kukapempha chitsulo chopukusira chija. Iye anakana. Sanali munthu woipa. Ankakumbukira phewa lotemedwa lija. "Ndikatsegula geti limodzi lero," anatero, "mawa aliyense abwera ndi khasu lake. Tinapangana tokha. Piriraniko."

Koma anthu ali ndi maso. Anaona kuti minda yonse youma inali ya osauka. Anaona kuti munda wa a Tcheya ukunyezimira, wobiriwira, madzi ali thapwi. Anakumbukira kuti amene analemba pulogalamu ndi mng'ono wawo wa a Tcheya, wa bere limodzi. Mphekesera inayenda kuti ana a Kambalame apangana kuumitsa minda ya amphawi kuti eni ake aithawe, iwo aitenge. Mkazi wa Sitefano akafika pachitsime, anzake ankasiya kuyankhula. Mbuzi yake ina anaipeza itathyoledwa mwendo.

Ndipo anatembenukiranso a Nangozo. Mnansi wawo, wa kota ya ekala, anawauza pamaso pa anthu kuti, "Si inu munati makina alibe mlamu? Mlamu alibedi. Koma ali ndi mkulu wake."

A Nangozo anasiya kupita kumsika.

Pamenepo Sitefano anaimbanso, ndipo ulendo uno sanafunse funso. "Lonjezo, bwera lero. Ukachedwa, udzapeza nyumba yanga ili phulusa."

Lonjezo anasiya ntchito ya m'tauni ili pakati. Anafika masana, napeza anthu atadzaza bwalo la ofesi, ena atanyamula mapesi a mpunga wouma m'manja. Palibe anamulonjera. Anakhala pakhonde, natsegula laputopu pamaondo, nauza pulogalamu kuti imuonetse mphindi za munda uliwonse. Ziro, ziro, makumi anayi, ziro. Sanafunikire kufufuza. Liwu lija linali pomwe analisiya.

Manyazi anamugwira, ndipo munthu wosakhazikika akagwidwa ndi manyazi amafuna khomo lotulukira lapafupi. Zala zake zinathamanga. Anafufuta lamulo lodula, nalemba lina, ceiling, lamulo lokweza. Limeneli limatenga chidutswa chilichonse n'kuchikankhira m'mwamba, ku nambala yathunthu yotsatira. Kota imasanduka imodzi. Ziwiri ndi kota zimasanduka zitatu.

Kompaila inakhala chete. Mitundu inali itagwirizana.

Anaimirira. "Makolo anga, vuto lapezeka ndipo ndalikonza. Kuyambira mawa, aliyense wosakwana ekala alandira madzi ngati wa ekala yathunthu."

Nkhope zinamasuka pang'ono. Ena anawomba m'manja mokayikira. Sitefano anapuma mozama, koma anati, "Usachoke mpaka tione ndi maso."

M'mawa mwake Lonjezo anatsika ndi madzi, akuyenda m'mbali mwa ngalande, anthu akumutsatira. Geti lachiwiri lija linatseguka, ndipo mwini munda anagwada m'matope, madzi akulowa m'ming'alu ndi phokoso ngati la munthu womwa mwaludzu. Geti lotsatira linatseguka, lina linatseguka. Lonjezo anayamba kuyang'ana foni yake, akuwerengera ngati angapeze minibasi yamasana.

Koma aliyense tsopano ankamwa zoposa gawo lake. Wa kota ankamwa za ekala. Wa maekala atatu ndi kota ankamwa za anayi, mpaka madzi kusefukira m'mizere. Damu linali lomwe lija. Silinakule chifukwa Lonjezo wasintha liwu. Atadutsa pakati pa sikimu, madzi m'ngalande anayamba kuchepa. Anatsika kufika m'kakolo. Anasanduka kamzere koyenda mwaulesi pakati pa matope. Kenako anaima.

Lonjezo anapitirira yekha patsogolo, akuyenda mofulumira m'ngalande youma, ngati kuti madzi angamutsatire. Anadutsa minda ingapo yofota, nafika kumapeto. Kumeneko anapeza a Nangozo ataima ndi khasu lawo.

Ali chiimire, kamota ka pageti kanalira. Geti la a Nangozo linakwera pang'onopang'ono, koyamba chiliikireni, mpaka linatseguka lonse. Linakhala chotsegula. Palibe dontho linalowa. Mphepo yotentha yokha inadutsa pansi pake, ikukankha tizinyalala.

Awiriwo anayang'ana getilo nthawi yaitali.

"Ndinu mng'ono wawo wa a Tcheya?" anafunsa mayiwo.

"Ndine, mayi."

"Andiuza kuti m'makina mwanumo munda wanga unalembedwa ziro."

Lonjezo anafuna kufotokoza za mitundu ya nambala, koma anangovomera. "Eya, mayi."

"Ine ndinkadziwa kuti munda wanga ndi waung'ono," anatero a Nangozo, mawu ali pansi. "Sindinkadziwa kuti kulibe."

Lonjezo anakhala pa mlambala wa ngalande, natsegula laputopu. Zala zake zinayamba zokha. Panali lamulo lachitatu, round, lopititsa nambala ku yathunthu imene ili pafupi. Anali atalemba kale zilembo ziwiri. Theka ndi kota zikanapita ku imodzi. A Nangozo akanalandira. Anakweza maso. Pafupi pomwepo panali munda wa mnansi wawo uja, wa kota. Kota ikanapita ku ziro.

Anachotsa manja pa laputopu. Apa ndi pamene anaona chimene ankachita. Malamulo onse atatu anali ofanana pa chinthu chimodzi: onse ankakhudza munda. Lina linkaudula, lina linkaufufumitsa, lina linkasankha woti adulidwe. Koma munda sunali wolakwa. Theka ndi kota inali nambala yoona, yoyezedwa ndi chingwe, ya nthaka imene iye anakhalapo. Iye ndiye ankaikakamiza kulowa mu mtundu umene sinkakwanamo, pofuna kuti kompaila ikhale chete, iye anyamuke.

Anafufuta zilembo ziwiri zija. Anatumiza lamulo limodzi lokha, lozimitsa pulogalamu yonse. Kenako anatseka laputopu.

Anthu anali atafika, Sitefano ali patsogolo, akupuma movutikira.

"Achimwene, ndipatseni chitsulo chopukusira."

"Wapenga? Konza makinawo."

"Ndawazimitsa. Ndikawakonza mothamanga kachitatu, ndiumitsa munda wa wina. Pampu idzaze damu lero. Mawa madzi adutse mageti onse ali otseka, ayambire kuno kumapeto, akwere m'minda youma yokhayokha. Ndipukusa ndine."

"Nanga lamulo?" anatero Sitefano. "Ukudziwa chimene chinachitika kuno anthu akugwira mageti ndi manja."

Lonjezo anatembenukira khamu, nakweza mawu. "Lamulo lanu linati aliyense alandire monga mwa munda wake. Amene anaswa lamulo limenelo ndine, ndi liwu limodzi, ndikuthamangira galimoto. Achimwene sanadziwe kanthu. Makina sanalakwe, anandikaniza, ine ndinawatseka pakamwa."

Sitefano anayang'ana mng'ono wake, anayang'ana geti lotsegula pa ngalande youma. Anapisa m'thumba, natulutsa kiyi wa kabati imene munali chitsulo chija.

"Munda wanga usalandire mpaka awa atakhuta," anatero.

Masiku otsatira Lonjezo ankapukusa mageti m'mawa wonse, manja mpaka kutuluka matuza. Madzulo ankakhala mu ofesi, foni atazimitsa. Kampani ya m'tauni inapereka ntchito ija kwa wina. Mwendo wake unkagwedezekabe pansi pa tebulo, koma sanaimirire.

Anabwerera pa mzere uja. Ulendo uno sanakhudze maekala. Anatenga mphindi makumi anayi, nazikweza ndi lamulo la fromIntegral kuti zilowe mu mtundu wa zidutswa. Pamenepo sipatayika kanthu. Makumi anayi ndi makumi anayi m'mitundu yonse iwiri. Kenako anachulukitsa. Theka ndi kota zinapereka mphindi makumi atatu. Kota inapereka khumi. Anayamba kuyesa ndi munda waung'ono kuposa yonse, nakwera mpaka waukulu, naphatikiza zonse kuti aone ngati damu likukwanira.

Koma panatsalabe kanthu. Minda ina inali yokhota m'malire, ndipo yankho lake linkatuluka mphindi zakutizakuti ndi kachidutswa ka mphindi. Geti silimva kachidutswa. Penapake, kumapeto kwenikweni, nambala inayenera kubwerera ku yathunthu, ndipo kanthu kena kanayenera kugwa pansi. Kanali kakang'ono tsopano, masekondi chabe, osati munda wa munthu. Komabe Lonjezo sanafune kusankha yekha. Anapempha msonkhano, nafotokoza m'mawu apafupi, nafunsa kuti, "Tizidutswa timeneti tipite kwa ndani?"

Anthu anakambirana nthawi yaitali, ena akuseka kuti awaitanira masekondi. Pomaliza anagwirizana kuti tizidutswa tonse tizisonkhanitsidwa, tiziperekedwa ku minda ya kumapeto, kumene madzi amafika atatopa. Lonjezo analemba momwemo, ndipo pamwamba pa mzerewo anaika mawu ofotokoza kuti anasankha ndi msonkhano, ndi chifukwa chake.

Pulogalamu inayatsidwanso, ndipo inagwira bwino ntchito. Minda yambiri inatsitsimuka. Koma wa a Nangozo unali utakhala nthawi yaitali kuposa yonse. Mbali yapafupi ndi geti inaphukanso. Mbali yakutali inali itapserera mpaka mizu, ndipo nyengo yowokera inali itadutsa. Chaka chimenecho anakolola wosakwana kudya mpaka mvula. Mwana wawo wamkazi anasiya sukulu teremu imodzi kukagwira ganyu. Sitefano anawapatsa matumba a mpunga wake. Iwo analandira, nathokoza mwaulemu, koma pamisonkhano sanaimirirenso kuyankhula. Pachisankho chotsatira anthu sanamusankhenso Sitefano. Ankadziwa kuti sanabe. Koma ankakumbukira kuti kiyi anali m'thumba mwake mpunga wawo ukuuma.

Mzere unakonzedwa m'masiku ochepa. Zinazo sizinakonzeke.

Tsono inu, ndakuonani sabata yonseyi mukumenya tebulo kompaila ikakukanizani kuphatikiza Int, nambala yathunthu, ndi Double, nambala ya zidutswa. Ndamva ena mukuti chilankhulo chimenechi n'chovuta dala, zilankhulo zinazi zimangosintha nambala zokha osafunsa. N'zoona, zimasintha zokha, ndipo zimataya zokha, osakuuzani. Ichi chimaima n'kukufunsani. Chikakana, sichikunena kuti ndinu mbuli. Chikunena kuti apa pali nambala ziwiri za mitundu yosiyana, imodzi iyenera kusamuka, ndipo amene akudziwa kuti nambalazi zikuimira chiyani ndinu nokha.

Ndipo musaganize kuti kompaila ikakhala chete ndiye kuti mwakhoza. Kompaila imaona ngati mitundu yagwirizana. Siidziwa munda, siidziwa damu. Ikakufunsani, inu n'kuyankha mopupuluma, imalandira yankho lanulo.

Choncho samutsani nambala kupita ku mtundu umene ikukwanamo yonse. Werengerani zonse kumeneko. Kudula kuzibwera pomaliza, kamodzi, pa kanthu kakang'ono. Poyesa, yambani ndi nambala yaing'ono, ya munthu amene sadzakhala nanu m'chipinda. Ndipo chala chanu chikafika pa liwu lodula, chiimitseni kaye, ngakhale panja pakulira hutala, mufunse funso limodzi: chimene chikugwa pansichi n'cha ndani?